Momwe mungadziwire kuti deti lakutilakuti linagwa tsiku lanji, opanda foni opanda kalendala

Nkhaniyi inayamba pa maliro ku Domue mboma la Angónia, usiku tikuwotha moto kudikira kuche. Akuluakulu awiri anayamba kutsutsana za tsiku lomwe dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu, deti aliyense akulidziwa, 25 Juni 1975, koma wina akuti linali Loweruka poti akukumbuka anthu akuvina, winayo akuti ayi linali mkati mwa sabata. Netiweki kulibe, mafoni ambiri anali atathima. Ine ndinatola kamtengo nkulemba pa phulusa, mphindi isanathe ndinawauza kuti linali Lachitatu. Anyamata angapo anandipempha kuti ndiwaphunzitse nde ndati bwanji ndingolemba kuti aliyense aone, chifukwa ndi masamu ophweka zedi, mwana wa sukulu ya pulaimale atha kuwachita.

Njira yake sindinayipeke ine, anaikonza katswiri wa masamu wa ku England, John Conway, cha mu 1973. Ine ndangoyiika mchilankhulo chathu, ndipo muona kuti Chichewa chikuipanga kukhala yophweka kuposa momwe imakhalira kwa eni ake.

Choyamba, patsani masiku manambala. Apa ndi pomwe ife tili ndi mwayi chifukwa masiku athu anabwera kale ndi manambala mdzina. Lolemba ndi 1, Lachiwiri 2, Lachitatu 3, Lachinayi 4, Lachisanu 5, Loweruka 6, Lamulungu 0. Palibe choloweza. Koma chonde abale anga amene tinaphunzira mu Chipwitikizi, apa samalani kwambiri. Mutu wathu unazolowera segunda, terça, quarta, ndipo segunda-feira tanthauzo lake ndi lachiwiri pomwe tsikulo ndi Lolemba, nde mukapeza yankho 4 mutu umathamangira kunena quarta-feira chikhalirecho 4 wathu ndi Lachinayi, quinta. Ndaona anthu ochenjera akuchita masamu onse bwinobwino nkudzaphonya ndi tsiku limodzi pa chifukwa chimenechi basi. Werengani mu Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Chipwitikizi muchibweretse mukamaliza ngati mukuchifuna.

Chachiwiri, pezani tsiku la chaka. Chaka chilichonse chili ndi tsiku lake limodzi lomwe ine ndimalitcha nsanamira, poti zonse zimatsamira pamenepo. Tengani manambala awiri omaliza a chakacho, onani kuti 4 akulowamo kangati (zotsala musazilabadire), phatikizani ziwirizo, kenako onjezani 3 ngati chaka ndi cha ma 1900 kapena 2 ngati ndi cha ma 2000. Mukatero yambani kuchotsa ma 7, ngati mukuika mbatatesi pa milu ya zisanu ndi ziwiri pa msika wa Ulongwe, zimene zatsala mmanja zosakwana mulu ndiye yankho lanu.

Tiyeni tiyese 1975 uja. Manambala omaliza ndi 75. Mu 75, 4 akulowa ka 18. Tikaphatikiza 75 ndi 18 ndi 93, kuonjeza 3 wa ma 1900 ndi 96. Milu 13 ya ma 7 ndi 91, zatsala 5. Nde nsanamira ya 1975 ndi Lachisanu.

Mwina mukufunsa kuti masamu amenewa akuchokera kuti. Chaka chili ndi masiku 365, omwe ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lapadera, tsiku lapaderalo ndi limene limakankha kalendala, nchifukwa chake tsiku lanu lobadwa likagwa Lachiwiri chaka chino chaka chamawa limagwa Lachitatu. Koma pakatha zaka zinayi Febuluwale amakhala ndi masiku 29, chimene aphunzitsi ankatiuza kuti ano bissexto, nde chaka chimenecho kalendala imadumpha masiku awiri. Tikamaphatikiza 75 tikuwerenga kukankha kwa chaka chilichonse, tikamaonjeza 18 tikuwerenga ma Febuluwale a masiku 29 amene adutsa. Palibe matsenga.

Chachitatu, ndipo apa mpokoma, pali madeti ena omwe chaka chilichonse amagwa pa nsanamira ija, osaphonya. Miyezi ya manambala ogawika pawiri ndi yosavuta: 4 Epulo, 6 Juni, 8 Ogasiti, 10 Okutobala, 12 Disembala, kungoti 4/4, 6/6, 8/8, 10/10, 12/12. Miyezi inayo imayenda iwiriiwiri mosinthana, 5 amayenda ndi 9 pomwe 7 amayenda ndi 11, kutanthauza 9 Meyi ndi 5 Sepitembala, 11 Julayi ndi 7 Novembala. Tsiku lomaliza la Febuluwale, kaya ndi 28 kaya 29, nalonso ndi nsanamira. Malichi gwirani 7. Januwale ndi 3, koma chaka cha Febuluwale wa 29 ndi 4.

Ngati za 5 ndi 9 zikukusokonezani gwiritsani maholide athu omwewa. 1 Meyi tsiku la anthu apantchito, 25 Sepitembala tsiku la asilikali ndi 25 Disembala nthawi zonse amagwa tsiku limodzi la sabata, ndipo tsikulo ndi dzulo lake la nsanamira. Onani pa kalendala iliyonse yapachikidwa mnyumba mwanu muona.

Chachinayi ndi kungoyenda kuchoka pa nsanamira kukafika pa deti lanu, mukudumpha masiku 7 kenako nkuwerenga zotsala pa zala. Mu 1975 tapeza Lachisanu, nde 6 Juni linali Lachisanu, 13, 20 ndi 27 chimodzimodzi. Ife tikufuna 25, tibwerere mmbuyo masiku awiri kuchoka pa 27: Lachinayi, Lachitatu. Ndi momwe ndinawayankhira agogo aja pa moto paja.

Tiyese lina lomwe ambiri kuno ku Angónia ndi Tsangano sitingaliiwale, 4 Okutobala 1992 pomwe boma ndi Renamo anasaina mtendere ku Roma. Mabanja ambiri nthawi imeneyo anali ku Dedza ndi ku Ntcheu kothawa nkhondo, anamvera pa wailesi. 92 kuphatikiza 23 ndi 115, kuonjeza 3 ndi 118, kuchotsa 112 kutsala 6, Loweruka. 10 Okutobala linali Loweruka, 3 Okutobala Loweruka, nde 4 linali Lamulungu. Afunseni amayi anu ngati tsikulo sanapite ku tchalitchi.

Ndipo apa ndi pomwe ine njirayi ndimaiona kuti ndi yofunika osati yongosangalatsa. Ana ambiri obadwa nthawi ya nkhondo analembetsedwa mochedwa, ena deti la pa BI, chitupa cha unzika, linangoyerekezedwa. Mayi atha kuiwala nambala ya deti koma saiwala kuti matenda anayamba akuchokera ku mapemphero kapena linali tsiku la msika. Tinene kuti pa BI palembedwa 16 Ogasiti 1988 koma amayi akuumirira kuti munabadwa Lamulungu. 88 ndi 22 ndi 3 zikukwana 113, kuchotsa 112 kutsala 1, Lolemba. 8 Ogasiti Lolemba, 15 Lolemba, nde 16 ndi Lachiwiri. Lamulungu loyandikira ndi 14 kapena 21. Sindikuti mukasinthe mapepala ayi, zimenezo zili ndi malamulo ake, koma munthu mtima umakhala mmalo ukadziwa.

Kutsogolo nkomweko, masamu sasintha. Mukufuna kuika ukwati kapena chiliza mu 2027? 27 ndi 6 ndi 2 zikukwana 35, ma 7 akulowa ndendende kutsala 0, Lamulungu. Nde Khrisimasi ya 2027 ndi Loweruka, ndipo ngati mukufuna Loweruka la mu Ogasiti anthu atakolola, 8 ndi Lamulungu nde Loweruka ndi 7, 14, 21 ndi 28. Mutha kugwirizana pomwepo pa bwalo osadikira kalendala za chaka chimenecho zifike mmashopu.

Pomwe pamagwa anthu ambiri ndi Januwale ndi Febuluwale. Musanayambe dzifunseni kaye ngati chakacho chikugawika ndi 4. Tengani 3 Febuluwale 1969 tsiku lomwe Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anaphedwa ku Dar es Salaam: 69 ndi 17 ndi 3 ndi 89, kuchotsa 84 kutsala 5, Lachisanu. 1969 sichigawika ndi 4 nde tsiku lomaliza ndi 28, Lachisanu, kubwerera 21, 14, 7, ndipo kuchoka pa 7 masiku anayi mmbuyo ndi Lolemba. Pomwe 1 Januwale 2000, nsanamira ndi 2 basi poti 0 ndi 0 sizionjeza kanthu, Lachiwiri, koma chakacho Febuluwale anali ndi 29 nde tigwira 4 Januwale, kubwerera masiku atatu tikufika Loweruka. Dziwaninso kuti zaka zothera ndi 00 zili ndi lamulo lapadera, 2000 inali ndi 29 Febuluwale koma 1900 inalibe ndipo 2100 sidzakhala nayo, lamulo limeneli linabwera ndi kalendala ya Papa Gregory XIII mu 1582.

Manambala akakhala aakulu ngati 92 kapena 88 ndipo mulibe polemba, chotsani kaye 28, 56 kapena 84 musanayambe, yankho silisintha chifukwa pakati pa 1901 ndi 2099 kalendala imabwereza ikatha zaka 28. Nde 92 amasanduka 8, 8 ndi 2 ndi 3 ndi 13, kuchotsa 7 kutsala 6, Loweruka lomwe lija. Zikutanthauzanso kuti kalendala ya 1998 ngati ikadali kuseri kwa chitseko kwa agogo, madeti ake ndi omwewo a 2026.