Kawerengedwe ka fumbi la asibesitosi lomwe munthu wapuma pa ntchito

Timaulusi ta asibesitosi, mwala waulusi womwe umapezeka m'malata ena ndi m'mabuleki akale, tikalowa m'mapapo tambiri sitituluka, timangounjikana. N'chifukwa chake pamafunika manambala awiri: kuchuluka kwa timaulusito mu mpweya, ndi zaka zomwe munthu wakhala akutipuma.

Poyeza timaulusito, mangirirani kapampu kokoka mpweya m'chiuno mwa wantchito, sefa yake ya mamilimita 25 muikoleke pa kolala, pafupi ndi mphuno, italoza pansi. Pampu izikoka lita imodzi kapena malita awiri pa mphindi, ndipo muiyese poyamba ndi pomaliza. Sefa yopachika pakhoma imanamiza, chifukwa fumbi lenileni limakhala pomwe munthu akudula lata la asibesitosi ndi sowo kapena akupukuta mabuleki akale. Ku labotale amawerenga pa maikulosikopu timaulusi totalika kuposa ma micrometre 5 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tochepera 3 m'mimba mwake, totalika kuposa katatu kunenepa kwake. Sefa ikathithikana ndi fumbi la simenti timaulusi timabisika, choncho pamalo afumbi muziisintha pafupipafupi. Komanso maikulosikopu wamba saona timaulusi topyapyala kwambiri. Pamenepo pamafunika wa electron.

Tsopano chulukitsani. Amene wagwira zaka 6 pamalo a timaulusi 2 pa mililita ya mpweya ali ndi 12. Akagwiranso zaka 10 pamalo a 0.5, onjezani 5, zikhale 17. Awa ndiwo amatchedwa fibre-years. Chaka pano ndi cha maola 8 pa tsiku. Ngati ankadula malata maola 2 okha, tengani gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mfundo zomwe akatswiri adagwirizana ku Helsinki, m'dziko la Finland, mu 1997 zimati ma fibre-years 25 amachulukitsa kawiri chiopsezo cha khansa ya m'mapapo, ndipo zaka zosachepera 10 zikhale zitadutsa chiyambire kupuma fumbilo kuti khansayo inenedwe kuti yabwera ndi asibesitosi. Kwa wosuta fodya chiopsezo chimakwera kwambiri. Koma 17 isakutonthozeni mtima. Mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, ilibe mlingo wodziwika woti apa mpabwino; imagwira ngakhale amayi omwe ankachapa maovolosi afumbi, ndipo imatha kuonekera patapita zaka 30 kapena 40.

Kumene fumbi silidayezedwe, lembani ntchito iliyonse payokha: malo, zaka, maola pa tsiku, ngati ankathira madzi podula, ndi ngati ankavala chotchinga mphuno. Pepala limenelo mupite nalo kwa dokotala.