Mwana wabadwa masiku asanakwane, matumbo ali panja: zochita asanafike kwa dokotala wa opaleshoni

Chilema cha pamimbachi chili mitundu iwiri. Pa gastroschisis, matumbo amatulukira pakabowo ka kumanja kwa mchombo, opanda chowakuta. Chimaoneka kwambiri kwa ana obadwa kwa amayi osakwana zaka 20, ndipo ana ambiri otere amabadwa cha m'ma sabata 35 kapena 36. Pa omphalocele, matumbo, nthawi zina ndi chiwindi chomwe, amakhala m'kathumba kopyapyala, mchombo utamera pamwamba pake. Si ufiti, ndiponso si tsempho.

Chimene chimapha ana amenewa msanga ndi kuzizidwa ndi kutha madzi m'thupi. Matumbo a pamtunda amataya kutentha ndi madzi mofulumira, ndipo khanda losakwana masiku lilibe mafuta oliteteza. Ku Angónia ndi ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, usiku wa mwezi wa June umatha kumumaliza mwana ambulansi isanabwere.

Sambani m'manja, valani magolovesi. Mpukuteni mutu ndi chifuwa, onetsetsani kuti akupuma. Mchombo muudule motalikirako, masentimita 10. Kenaka lowetsani miyendo ndi mimba yonse m'jumbo ya pulasitiki yoyera, yoonekera mkati, mumange momasuka m'khwapa. Yoonekera ndiyo yabwino chifukwa mumaona mtundu wa matumbo osamasula. Musaike thonje, limakanirira. Nsalu yonyowa nayo imazizira pakangopita mphindi zochepa, mwana n'kuzizira nayo limodzi. Phulusa, mankhwala azitsamba, kapena kukankhira matumbo mkati ndi chala, zonsezo ayi. Kathumba ka omphalocele musakaboole.

Mgonekeni chammbali, kumanja, matumbo atatsamira pakapulana (chitenje) yopindapinda kuti asalendewere. Akalendewera, mitsempha ya magazi imapindika pakabowo paja ndipo matumbo amayamba kufa. Abwino amaoneka ofiirira. Akayamba kuda, msuntheni mwana pang'onopang'ono mpaka mtundu ubwerere. Mvekeni chipewa, mumfunditse, thupi likhale pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5.

Asayamwe. Anamwino alowetse kapaipi ka nambala 8 m'mphuno mpaka m'mimba, kakhale kotsegula, ndipo azikoka zam'mimba ndi sirinji pafupipafupi. Mimba ikadzaza, mwana amasanza zobiriwira n'kuzikokera m'mapapo. Aikidwe dripi ya dextrose 10% (madzi a shuga), ndipo ngati manja ndi mapazi zazizira, mtima ukuthamanga, alandire saline (madzi amchere a dripi) 10 mpaka 20 ml pa kilogalamu. Yezani shuga, makamaka kwa wa omphalocele. Perekani vitamini K, komanso mankhwala opha tizilombo: ampicillin 50 mg pa kilogalamu, ndi gentamicin 3 mg pa kilogalamu ngati sanakwane makilogalamu 2.5, kapena 5 mg ngati wakwana.

Imbani foni ku Hospital Provincial de Tete musananyamuke, kuti akuuzeni ngati amulandira kapena apitirira ku Beira. Panjira namwino akhale pambali pake, dripi isaime. Kutsikira kuchigwa cha Zambezi kumatentha kwambiri, madzi amatha msanga, choncho muzionanso ngati akukodza.

Mayi apite nawo. Ayambe kufinya mkaka tsiku lomwelo, kasanu ndi katatu pa tsiku, kuti usaume, chifukwa matumbo akabwezeredwa mkati, mwana adzayambira mkaka umenewo, pang'onopang'ono. Ndipo ngati sikani ya kusikelo yaonetsa chilemachi mimba idakalipo, mayiyo akadikirire pafupi ndi chipatala cha opaleshoni sabata ya 34 isanakwane, chifukwa matenda a kubereka amatha kuyamba tsiku lililonse.