Mmene mungasakire nkhukundembo zakutchire ku America m'miyezi ya Epulo ndi Meyi

Ife tinazolowera nkhukundembo ya pakhomo, yoyenda mwaulesi kuseri kwa khola. Ku America iliko yakutchire: imathamanga, imauluka, imagona m'mitengo, ndipo ndi yochenjera ngati nkhanga. Imapezeka m'zigawo 49 mwa zigawo 50 za dzikolo, kupatula Alaska. Chisanu chikatha, atambala amayamba kulira kuitana mathadzi, ndipo zigawo zambiri zimatsegula ulenje mu Epulo ndi Meyi, pamene ku Florida amayamba mu Malichi. Ngati mukukhala kumeneko ndipo mnzanu wa kuntchito wakuitanani, nazi zoyenera kuchita.

Yambani ndi mapepala

Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Mufunika laisensi ya ulenje ndi chilolezo cha nkhukundembo, ndipo zigawo zambiri zimafuna kuti muyambe mwachita maphunziro a chitetezo pa ulenje. Werenganinso za maola: ku Pennsylvania, masabata oyambirira kuwombera kumatha 12 koloko masana. Amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito samalani kwambiri, chifukwa lamulo la dziko lonse limakuletsani kusunga mfuti pokhapokha ngati muli ndi zina mwa zimene lamulolo limalola, monga laisensi ya ulenje yomwe ikugwira ntchito. Funsani kaye musanagwire ngakhale mfuti yobwereka.

Yesani mfuti papepala

Ambiri amagwiritsa ntchito shotgun, mfuti ya machaka, ya 12 gauge kapena 20 gauge (muyeso wa kukula kwa mpope wake), yoikidwa choke, kachitsulo kopapatiza kukamwa kwa mfuti, kuti machaka asamwazike msanga. Machaka a mtovu a nambala 4, 5 kapena 6 amakwanira. Aliko a tungsten, olemera kuposa mtovu, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Jambulani mutu ndi khosi la nkhukundembo papepala lalikulu, mulipachike pa mayadi 40, pafupifupi mamita 36, muwombere. Pitani mukawerenge mabowo amene agwera pamutu ndi pakhosi. Akachepa, yandikirani muyesenso, mpaka mudziwe pamene mfuti yanu imalekezera. Nthenga za tambalayu ndi zolimba, moti machaka a m'thupi nthawi zambiri amangomuvulaza n'kukafera kutali.

Mupezeni madzulo ake

Dzuwa likamalowa, imani pamalo okwera mumvetsere. Mudzamva mapiko kukupiza pamene zikukwera mumtengo. Lirani ngati kadzidzi. Tambala ali ndi khalidwe loyankha phokoso ladzidzidzi, ndipo akayankha wadziulula yekha pogona pake. Bwererani kunyumba mwakachetechete.

M'mamawa kukadali mdima, fikani pamtunda wa mamita 100 kapena 150 kuchokera pamtengowo. Khalani pansi, msana mutatsamira tsinde lalikulu kuposa mapewa anu, mfuti ili pabondo. Valani zovala zofanana ndi tchire, kumaso ndi m'manja momwe. Chofiira, choyera ndi chabuluu musavale n'komwe, ngakhale masokosi, pakuti imeneyi ndi mitundu ya mutu wa tambala ndipo mlenje wina akhoza kukuyesani nyama.

Itanani, kenako khalani chete

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwachilengedwe, tambala akalira thadzi ndi limene limapita kwa iye. Inu mukufuna kuti zitembenuke, iye asiye ulemu wake abwere kwa thadzi limene sakuliona. Oyamba kumene agule kabokosi ka thabwa kokhala ndi chivundikiro chokhuza pamwamba. Kamalira ngati thadzi ndipo sikavuta kuphunzira. Kaliponso koika m'kamwa, kamene kamasiya manja omasuka, koma kuti mukazolowere a m'nyumba mwanu adzayamba atopa nanu.

Kukayamba kuyera, lizani mofewa kawiri kapena katatu. Akayankha, lekani. Wamva, ndipo akudziwa bwino lomwe tsinde limene mwakhalapo. Mtima umafuna kuti mulizenso kuti mumve akuyankha, koma mukachulutsa amangoima pomwepo, n'kutambasula mchira, kudikira kuti thadzi lomufunitsitsalo lifike lokha.

Tsiku langa loyamba ndinalakwa pomwepa. Tambala anasiya kulira, ine n'kudikira mphindi makumi awiri, mwendo utachita dzanzi. Ndinati wapita, ndinadzuka. Anali kumbuyo kwa chitsamba kumanzere kwanga, pafupi moti mwala ukanamufika; ndinangomva phuu! n'kuona mchira ukulowa m'mitengo. Akakhala chete nthawi zambiri ndiye kuti akubwera. Wonjezerani theka la ola pa nthawi imene mwaganiza zonyamuka.

Musamutsatire mozemba. Kulira kumene mukukumvako mwina ndi mlenje mnzanu ndi kabokosi kake. Mukaona munthu akubwera, musamukodole ndi dzanja. Khalani osasuntha, mulankhule mokweza kuti akudziweni.

Kuwombera

Fungo lanu silimuvuta, koma maso ake ndi akuthwa zedi. Sunthani mfuti pokhapokha mutu wake ukabisika kuseri kwa mtengo kapena kwa mchira wake wotambasula. Onetsetsani ndevu, timaubweya tolimba tolendewera pachifuwa, chifukwa nyengo imeneyi malamulo amalola tambala kapena mbalame ya ndevu basi. Onaninso chimene chili kuseri kwake. Akakhala atadzitukumula khosi limalowa m'nthenga, ndiye lizani kamodzi mwamphamvu kuti atukule mutu. Lozani pakati pa khosi, tsaya lili pamfuti, mukoke pang'onopang'ono.

Akagwa amaphupha kwambiri. Tsekani mfuti, mufike msanga, koma samalani miyendo yake, imacheka. Mangani chilolezo chanu kumwendo ngati chigawocho chimatero, ndipo mulembetse pafoni kapena pa intaneti mkati mwa nthawi yoikika. Potuluka m'tchire mukulungeni m'nsalu yowala ya mtundu wa olenji kuti alenje ena akuoneni. Chotsani matumbo msanga nyama izizire: ya pachidali imapsa mofulumira, koma miyendo imafuna moto wapang'onopang'ono wa maola angapo. Mukafika kunyumba dzifufuzeni thupi lonse, makamaka m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo, chifukwa nkhupakupa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme.