Kutsatira Kakulidwe ka Mwana M'miyezi Itatu Yoyamba ya Pakati

Amayi ambiri amayamba sikelo mimba ikaonekera, koma nthawi imeneyo ziwalo zikuluzikulu za mwana zimakhala zitaumbika kale. Ntchito yovuta kwambiri imachitika m'masabata 12 oyamba, pamene ngakhale apongozi sanazindikire kanthu, ndipo mayi amene akufuna kuteteza mwana wake ayenera kuyamba ndi kuwerenga masiku.

Lembani tsiku loyamba la kusamba kwanu komaliza, chifukwa azamba amawerengera pakati kuyambira pamenepo, ngakhale kuti mwana amayamba kupangika patapita pafupifupi masabata awiri. Pakati pamatenga masabata 40. Kuti mudziwe nthawi yochira, onjezerani masiku 7 ndi miyezi 9 pa tsikulo: ngati munayamba kusamba pa 10 Malichi, yembekezerani cha pa 17 Disembala, podziwa kuti ndi ana ochepa okha amene amabadwa pa tsiku lenileni lowerengeredwa.

Mukadziwa sabata imene muli, mutha kudziwanso zimene zikuchitika m'chiberekero. Pofika sabata ya 6, mwana amakhala wocheperapo kuposa njere ya mpunga, komabe mtima wake umakhala utayamba kugunda, ndipo kanjira kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wa kumsana kamakhala kakutsekeka. Kanjirako kakapanda kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi chotupa kumsana chimene chingamulepheretse kuyenda. Ichi ndicho chifukwa chake mankhwala a folic acid, mamaikilogalamu 400 tsiku lililonse, amayenera kumwedwa mayi asanaime n'komwe, kapena akangoona kuti wadumphitsa mwezi. Bonongwe, nkhwani ndi nyemba zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa mapiritsiwo. Pa sabata ya 8 mwana amafika kukula ngati nyemba, timanja ndi timiyendo titatuluka, ndipo pofika sabata ya 12 amatalika masentimita 5 kapena 6, zala zitalekana, nsengwa itayamba kugwira ntchito yonse yomudyetsa kudzera mumchombo. Amatakataka ndithu, koma mayi samumva mpaka cha m'masabata a 16 mpaka 20, choncho musade nkhawa ndi bata limeneli.

Yambani sikelo masabata 12 asanathe. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba uzikhala wa m'nyengo imeneyi. Pamenepo amakuyezani kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwake, HIV ndi chindoko, n'kukupatsani mankhwala owonjezera magazi ndi neti yoteteza ku udzudzu. Muzigona m'netimo usiku uliwonse, chifukwa mankhwala a SP oteteza ku malungo saperekedwa mpaka sabata ya 13, ndipo malungo amatha kuchititsa mayi kupita padera. Chizolowezi chobisa pakati poopa anthu a maso oipa n'chomveka, koma chisakulepheretseni kuuza mzamba, amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi chanu.

Ziwalo zikamaumbika ndi pamene zimavulala mosavuta. Siyiranitu mowa ndi fodya, ndipo musamwe mankhwala ogula pagolosale kapena azitsamba musanafunse kuchipatala. Ngati mumamwa kale mankhwala a khunyu, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, musawasiye panokha; pitani nawo kuti adokotala aone ngati akufunika kusinthidwa. Nseru ya m'mawa imachepa mukamadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo kwa ambiri imatha mwezi wachinayi ukayamba.

Musadikire tsiku la sikelo mukaona magazi, mukatentha thupi, kapena mukamasanza mpaka madzi omwe osakhazikika. Kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, makamaka kukabwera ndi chizungulire, kungatanthauze kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo pamenepo muyenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.