Kupereka zithunzi zakale za banja ku myuziyamu

Mwafunsa mmene mungaperekere ku myuziyamu zithunzi za makolo zomwe zakhalitsa mu sutikesi. Musanayambe, pezani pensulo yofewa, maenvelopu a pepala ndi chilolezo cha akuluakulu a banja. Zithunzi za ambuya si za munthu mmodzi.

1. Sankhani zosonyeza malo ndi zochitika: tauni ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson, mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, minda ya fodya, masukulu a mishoni. Za 1964 (chaka cha ufulu wa Zambia) isanafike musazisiye, ngakhale zitafufuka.

2. Khalani pansi ndi wachikulire wodziwa nkhopezo. Lembani kumbuyo mopepuka ndi pensulo: ndani, kuti, chaka chiti. Bolopeni ayi, inki imalowerera. Chithunzi chopanda mayina chimataya phindu lake lalikulu.

3. Jambulani chilichonse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, mugawire achibale.

4. Onetsani kaye za pafonizo ku Nsingo Community Museum pafupi ndi Chipata, kapena lemberani National Museums Board, bungwe loyang'anira mamyuziyamu, ku Lusaka. Si zonse adzatenga.

5. Ambiri amalakwa apa: amangosiya zithunzi popanda chikalata. Nenani poyera ngati mukupereka mpaka kalekale kapena mukubwereketsa, chifukwa mphatso yosainidwa simubweranso kudzaitenga. Chikalatacho chitchule chiwerengero cha zithunzi ndiponso ngati aloledwa kuzisindikiza kapena kuziika pa intaneti. Kope imodzi ikhale yanu.

6. Nyamulani zili chogona, pakati pa makatoni awiri. Musazimate pulasitiki ya moto kapena selotepi, ndipo zomatirirana musazimatule, akatswiri akaona okha.