Kodi mgaiwa ndi therere zimachotsa mafuta amene tadya?

Pamsonkhano wa alimi kufupi ndi Ulongwe, mayi wina anandifunsa kuti, "Alangizi, ndikadya tchipisi pamsika, madzulo n'kudya nsima ya mgaiwa ndi therere, mafuta aja satuluka?" Ambiri anavomereza ndi mitu, kusonyeza kuti nawonso anamvapo zimenezi.

Abale anga, amatuluka ochepa kwambiri. Matumbo a munthu wosadwala amayamwa mafuta oposa magawo 90 pa 100 alionse amene wadya, ndipo mgaiwa sungasinthe zimenezi kwenikweni.

Komabe funsoli lili ndi pogwira. M'gaga, m'nyemba, m'masamba ndi m'zipatso muli chimene kuchipatala amachitcha fibra, mbali ya chakudya imene mimba yathu siigaya. Ina ndi yokhakhala, ngati ya m'madeya, ndipo imathandiza munthu kupita kuchimbudzi mosavutika. Ina imasungunuka n'kumatelera, monga mumaonera therere mumphika. Imapezekanso m'nyemba, khobwe ndi malambe. Yotelerayi ndiye imakhudzana ndi mafuta. Kuti mafuta agayike, chiwindi chimapanga ndulu imene imathiridwa m'matumbo, ndipo ikatha ntchito yambiri imabwerera kuchiwindi. Fibra yotelera imakola ina mwa nduluyo n'kutuluka nayo kuchimbudzi. Chiwindi chikafuna kupanga ina, chimatapa m'magazi kolesitolo, mafuta amene akachuluka amatseka mitsempha, motero mafutawo amatsikako. Zimatheka mukamadya chonchi tsiku ndi tsiku, osati mbale imodzi yofufutira tchipisi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu azidya fibra yosachepera magalamu 25 patsiku. Chimandiwawa n'chakuti ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga timalima nyemba zochuluka, koma timagulitsa zonse, ndipo chimanga timakonola mpaka mbee, madeya n'kupatsa nkhumba.

Yambani posakaniza mgaiwa ndi ufa woyera, theka ndi theka, kuti a pabanja azolowere. Chimanga chogayitsa mgaiwa chikhale chouma bwino, chosankhidwa, chifukwa poizoni wa chuku amakhala kwambiri kukhungu la njere. Gayitsani wochepa, popeza mgaiwa suchedwa kuwawa. Nyemba zionjezeni pang'onopang'ono kuti mimba isafufume, ndipo muzimwa madzi okwanira. Mafuta ophikira yezani ndi supuni, musathire ndi botolo. Kachewere wathuyu muzimuphikako m'madzi, osangokazinga.

Kwa ana aang'ono nkhani ndi ina. Mimba yawo ndi yochepa, imadzaza msanga, ndipo iwo mafuta akuwafuna kuti akule komanso kuti vitamini A wa mu nkhwani ndi maungu alowe m'thupi. M'phala la mwana thiranimo nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta, musamumane poopa kunenepa.