Momwe mungapangire bolodi lojambulapo ndi mwana wanu kunyumba

Mwana akafika zaka zitatu kapena zinayi n'kuyamba kukonda kujambula, makope sachedwa kutha, ndipo akatha amatembenukira kukhoma. Amene muli m'nyumba za lendi mukuidziwa nkhope ya alandilodi akapeza minibasi yojambulidwa ndi makala pakhoma la pabalaza. Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi makirayoni si zogula sabata ndi sabata. Ine ndi mwana wanga wamkazi tonse timakonda kujambula, choncho ndinangopanga bolodi, ndipo choko n'chotchipa.

Yambani ndi thabwa. Musagule plywood yathunthu ija ya mafiti 8 kwa 4, ndi yodula ndiponso mulibe poiika. Pitani kwa akalipentala a m'dera mwanu mukafunse chidutswa chotsala, chachikulu moti anthu awiri n'kujambulapo osagundana zigongono. Ena amangokupatsani mukawagulira fanta. Auzeni akudulireni makona akuthwawo. Kenaka lipaleni thabwalo ndi sandipepa mpaka lisalale.

Nkhani yagona pa penti. Mukufuna penti wa bolodi weniweni, pachitini amalemba kuti blackboard paint kapena chalkboard paint. Akauma sawala, ndipo amakhala wokhakhala pang'ono kuti choko chizigwira. Ine ndinagula wanga kwa mnyamata wina wogulitsa penti woyeza m'mabotolo a madzi, yemwe analumbira kuti ndi yemweyo amapaka m'masukulu. Kunali kunama. Anali penti wakuda wa zitseko, wowala uja, wothiridwa parafini kuti achuluke. Anatenga nthawi kuti aume, nyumba yonse kununkha, ndipo atauma choko chimangotsetsereka osasiya mzere. Mwana anayesa kujambula nkhuku, n'kundiyang'ana, amvekere, "Adadi, choko chatha mphamvu." Kunali kupalanso thabwa lonse mpaka kuwala kuja kutachoka, ntchito yowawa kuposa kuyamba chatsopano.

Ndiye gulani kachitini kosatsegula m'sitolo ya hardware, ngakhale kadule. Kakang'ono kamakwana, kamatsalanso. Takasani bwino ndi kamtengo chifukwa zolemera zimakhala pansi. Pakani mopyapyala, kunja kwa nyumba, mwana ali kutali. Dikirani aume, kenaka pakaninso kachiwiri modutsana ndi mmene munayendetsera burashi poyamba. Werengani pachitinipo masiku oyenera kudikira musanalembepo, ndipo musagonje mwana akamalira kuti ayambe lero. Ena adzakuuzani njira ya kusukulu kalekale yodetsa bolodi ndi zakuda za m'mabatire akutha. Ayi, mwana wamng'ono amaika zala mkamwa.

Musanajambule kanthu, gonekani choko cham'mbali, mupake bolodi lonse mpaka liyere, kenaka mupukute ndi kansanza kouma. Mukapanda kutero, chithunzi choyamba chimatsalira ngakhale mufufute bwanji.

Likhomeni potsika, molingana ndi msinkhu wa mwanayo osati wanu. Inu khalani pamphasa. Ngati alandilodi safuna misomali, liyedzamitseni kukhoma koma mulimange kuti lisamugwere.

Pojambulapo, gawanani bolodi, iye mbali yake inu yanu. Mwana wa msinkhu uwu amajambula munthu mutu waukulu, miyendo n'kutulukira kumutu komweko. Musamukonzere, mimba ndi khosi zidzabwera zokha. Mufunseni kuti, "Ameneyu ndani, akupita kuti?" muone mmene nkhani itulukire. Masewera amene ife timakonda ndi olandizana: ine ndimalemba kamzere kokhota, iye amakasandutsa njoka kapena mchira wa mbuzi, kenaka n'kusinthana.

Choko gulani cha bokosi, cholembedwa dustless ngati mwana amatsokomola ndi fumbi. Cha mitundumitundu chotchipa kwambiri chija chimangofumbutuka. Chithunzi chikakusangalatsani chijambuleni pafoni musanafufute, ndipo pofufuta yambani mwapempha mwini wake.